Ndime Ziwiri Zimene Ndinadumpha

Ndinafika ku Mzimba Boma mwezi wa Okutobala nditavala nsapato zoyera, zimene pofika pa ofesi ya zamaphunziro zinali zitafiira kale ndi fumbi. Katundu wanga anali sutukesi imodzi, khadi la chipani loti asandibweze pa chipata cha msika, ndi kabuku ka ndakatulo zakale kopanda chikuto kamene ndinatuluka nako ku koleji ya aphunzitsi. Ndinabadwira ku Limbe, bambo anga ankagwira ntchito ku njanji, ndipo khasu ndinkangoliona pa mapewa a anthu ena. Koma mukanandifunsa za mvula, za dzinja kapena za masika, ndikanakulakatulirani mpaka dzuwa kulowa. Ndinkaona ngati ulimi wonse ndinaumaliza m'kabuku kaja.

Anandipatsa kalata yopita ku sukulu ina ya kumbali ya Champhira, makalasi a njerwa zosawotcha, mitengo ya bulugamu kumbuyo, tchalitchi pafupi. Ahedi anali bambo wofatsa, wolankhula Chichewa mosamala ngati akuyenda pa ulalo. Anandipatsa sitandade sikisi, kenaka ananditengera kuseri kwa makalasi kukandionetsa munda wa sukulu, mizere itapangidwa kale.

"Uwu ukhala m'manja mwanu, Madamu," anatero. "Mwambo wathu kuno, mphunzitsi watsopano ndiye amasunga munda. Mbewu ili mu ofesi."

Mbewuyo inali m'zitini ziwiri zazikulu, yothiridwa phulusa. Anandifotokozera kuti banja lililonse linapereka ngala ziwiri zitatu za chimanga cha makolo, zosankhidwa pokolola. Chimanga cha m'munda umenewu ndicho chinkadyetsa ana a sitandade eyiti ochokera midzi yakutali, amene ankagonera pa sukulu miyezi yoyandikira mayeso. Chikapanda kucha, anawo ankayenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri ankangosiyira panjira. Ndinamva zonsezo, ndinagwedeza mutu, ndipo ndinawauza ahedi kuti chaka chino nkhokwe ichepa. Anangondiyang'ana nsapato.

Munthu wachiwiri woti ndimudziwe anali atcheya a komiti ya sukulu. Anali bambo wamtali wa mawu ngati ng'oma, mwini ngolo ndi ng'ombe zinayi, amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Zambia n'kubwerako ndi jekete lalikulu limene ankavala ngakhale dzuwa liswe mtengo. Analinso mkulu wa mpingo wotsogolera nyimbo. Kwathu ku Limbe, nyimbo ikakhala yaitali, wotsogolera ankalengeza kuti tiyimba vesi loyamba ndi lomaliza, aliyense n'kupuma. Atcheyawa ayi. Nyimbo ya mavesi asanu ndi atatu ankaikoka yonse, pang'onopang'ono, maso atatseka, ife miyendo ikunjenjemera. Tsiku lina mbusa wodzacheza anayesa kudumpha vesi lapakati, atcheya anangopitiriza okha ndi liwu lawo lija mpaka mpingo wonse unabwerera. Ine ndinkapsa nazo mtima kwambiri. Ndinalembera mchemwali wanga kalata kuti kuno kuli bambo wina amene akapita kumwamba angelo adzapempha tchuthi.

M'kalasi zinayamba movuta. Ana ankalankhula Chitumbuka kunyumba, kudambo, pamasewera, ndipo Chichewa ankakumana nacho pa bolodi ndi pa wailesi basi. Ndikafunsa funso ankayang'ana pansi. Ndiye ndinatulutsa kabuku kanga n'kusankha ndakatulo imene ndinkaikonda kuposa zonse, ya kudza kwa mvula, yolembedwa kalekale ndi munthu amene anamwalira ine ndisanabadwe. Inali ndi ndime zinayi. Yoyamba inkanena za kutentha, za tchire lopsa ndi nyenje zolira m'mitengo. Yachiwiri inkanena za mvula yoyamba ikugwa pa phulusa, fungo la dothi likukwera, anthu akuthamangira makasu. Ndime imeneyo ndikaiwerenga tsitsi linkandiimirira. Yachitatu ndi yachinayi ndinkaziona ngati zozizira: dzuwa, ng'ombe, chulu, tizilombo. Ndinaganiza kuti mlakatuli anatopa n'kumangodzaza pepala. Poti anawo Chichewa chinkawalemera kale, ndinadula. Ndinalemba pa bolodi ndime ziwiri zoyambazo, zinazo n'kuzisiya m'buku.

Abale, zinagwira! Sabata yoyamba ankatafuna mawu ngati chimanga chokazinga, koma yachiwiri anayamba kuimva ndi matupi awo. Akafika pa nyenje ankaloza panja, poti nyenjezo zinkaliradi mu bulugamu. Akafika pa tchire lopsa ankayang'ana phiri lakuda bii limene linapsa mwezi wathawo. Ana amene sankatsegula pakamwa anayamba kulimbirana kuima kutsogolo. Popita kunyumba ankailakatula m'njira mofuula, akuponda pansi ngati ingoma, gule wa kwawo uja. Ndinkaima pa khonde n'kumamvetsera mawu akutsetsereka kudambo, mtima uli dyokodyoko. Ndinkadziona ngati ndabweretsa moto m'mudzi.

Kenaka Lachiwiri lina, ahedi atapita ku Boma ku msonkhano wa masiku atatu, kumwamba kunada cha kumadzulo kwa phiri. Tinali pakati penipeni pa ndime yachiwiri. Mphepo inakankha chitseko, malata anayamba kulira limodzi limodzi, kenaka chimvula chinakhuthuka. Fungo lija, fungo lenileni la m'ndakatulo, linalowa pa mazenera opanda magalasi. Ana anakuwa, ine ndinakuwa nawo. Tinailakatula katatu tikupikisana ndi malata, ena akuvina pa mabenchi, ine choko chili m'manja misozi ili m'maso. Sindinasangalalepo chotero m'kalasi, ngakhale zaka zonse zimene zinatsatira.

Mvula itakata, ndinauza ana kuti atenge makasu. Ndinathamangira mu ofesi, ndinatsegula zitini zonse ziwiri. Mphunzitsi mnzanga wa sitandade folo, mayi wa konkuno, anandipeza pakhomo n'kunena kuti bwanji tidikire ahedi. Ndinamuyankha mwamwano kuti mvula sidikira msonkhano. Anawo nawonso anaima m'mbali mwa munda akuyang'anana, makasu ali pansi. Kumbuyo kunamveka mawu otsika: "Madamu, iyi ni chizimyalupya." Ndinamva kuti akunena chizimalupsa, dzina la mvula yoyamba yozimitsa tchire lopsa, ndipo ndinakondwa kuti akudziwa mawu okoma chotero. Dzinalo ndinkalidziwa, koma zoti mvula imeneyo sabzalira palibe anandiuzapo, ndipo ine sindinafunse. Ndinaganiza kuti ndi ulesi chabe. Masiku amenewo mwana sankatsutsa mphunzitsi kawiri. Tinabzala munda wonse, njere zitatu pa phando, tikuyimba, ine kutsogolo wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo. Pofika nthawi yoweruka zitini zinali mbee.

Ahedi atabwera anaima m'mphepete mwa munda nthawi yaitali. Anandifunsa ngati ndasiyako mbewu ina. Nditati ayi, anavula chipewa, anapukuta mutu, n'kunena kuti, "Mbwenu tipemphere." Ine ndinaseka, poganiza kuti akunena za mapemphero othokoza.

Chimanga chinamera, ndipo chinamera mokongola. M'mawa uliwonse ndinkayendera mizere yanga yobiriwira, minda yonse yozungulira ili gwa, yofiira, yopanda kanthu. Ndinkawamvera chisoni eni minda aja kuti akuchedwa. Anthu odutsa pa njira ankaima, n'kuyang'ana, n'kugwira pakamwa, ine n'kumati akusirira.

Kumwamba kunayera. Sabata inatha, ina inatha. Masamba anayamba kupindika masana n'kutambasuka madzulo, kenaka anasiya kutambasuka. Ndinayamba kutuma ana ndi ndowa ku chitsime cha kudambo, mpaka amayi a m'mudzi anabwera kudzadandaula kwa ahedi kuti madzi akumwa akutha chifukwa cha chimanga cha Madamu. Sabata yachitatu munda wonse unali utauma, timitengo tachikasu tothetheka ukatigwira. Ndikadutsa pa kalasi ya sitandade eyiti ndinkafulumiza mapazi. Anawo ankangoimirira mwaulemu n'kundipatsa moni, ndipo moniyo ndi imene inkandilasa. Chakudya chinasiya kulowa. Ndinayamba kulongedza sutukesi m'maganizo, ndikudzifunsa kuti ndikawauza chiyani bambo anga.

Atcheya anafika Lachisanu masana ndi jekete lawo lija. Sanalowe mu ofesi. Anapita molunjika kumunda n'kutumiza mawu kuti ndiwapeze kumeneko. Ndinawapeza atazula kachimanga kamodzi akukafikisa m'manja.

"Monire asambizgi," anatero, ndiko kuti moni aphunzitsi.

Ndinagwada n'kuyankha ndi Chitumbuka changa chothyokathyoka.

"Imwe, mbewu iyi yinali ya ŵanthu. Mayi wina wamasiye wakapereka ngala ziŵiri pa zinayi izo wakasunga. Sono ndiuzeni, wakuuzani kubzala ni njani? Ahedi?"

"Ayi bambo."

"A zaulimi?"

"Ayi bambo." Bodza linandithawa. "Ndi ndakatulo."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chigiriki. "Iyi ŵana ŵakuchemerezga mu msewu? Yili mu buku? Katoleni, ndapota. Nkhufuna nimupulike munthu uyo wakukoma ŵana na njala." Kwawoko kupulika ndi kumva, kukoma ndi kupha.

Ndinabwera nako kabuku kaja. Ndinaima pakati pa mizere yakufa n'kuyamba kuwerenga. Ndime yoyamba anagwedeza mutu. Yachiwiri anagwedezanso, n'kunena kuti makasu aja ngokonzera mizere imene mvula yagumula. Nditafika pamapeto pake ndinatseka buku.

"Yamala?" anafunsa.

"Zatsala ndime ziwiri, koma mulibe kanthu."

Nkhope yawo inasintha mofanana ndi tsiku lija la mbusa wodzacheza. "Ŵerengani yose."

Ndinawerenga ndime yachitatu, ija ndinkaiti yozizira. Inkanena za dzuwa lobwerera ndi ukali mvula yoyamba itapita, za msipu wanthete wophuka pa lupsa, ng'ombe zikuuthamangira, munthu akuyang'ana kumwamba lichero la mbewu lili pa tsindwi. Ndinali nditaiwerenga ndime imeneyo kambirimbiri, ndipo lichero lija ndinali ndisanalionepo. Yachinayi inkanena za mitambo yogona masiku, achule akulira kudambo, ngumbi zikutuluka pa chulu, ndipo pamenepo mpamene lichero linkatsika, amayi n'kulowa m'munda.

Atcheya anaomba m'manja kamodzi, phwa! "Mphalata!" anafuula, ndilo dzina la ngumbi kwawoko. "Mwe! Munthu uyu wakalima! Uyu khasu wakalikora na mawoko ghake! Ŵerenganiso apo pa chulu!"

Ndinawerenganso. Anaseka chikhakhali mpaka ana anasuzumira pa mazenera. Ankazungulira ndi kachimanga kouma kaja m'manja, akubwereza mawu a Chichewa amene anawagwira, akuwapotoza ndi lilime la kwawo. Mkwiyo wonse unali utapita, ndipo ankaoneka ngati wakumana ndi mnzake wa ku migodi. Kenaka anaima n'kundiloza ndi kachimangako.

"Asambizgi, munthu uyu sanakunamizeni. Imwe ndimwe mwamudumula pakamwa. Nyimbo nazo ni ntheura. Vesi la pakati ndilo likuŵa na suzgo, ndilo ŵanthu ŵakudumpha, kweni ndimo muli umoyo withu. Lamulungu mwize na ŵana wose, na buku ili." Suzgo anatchulalo ndi mavuto.

Ndinali ndi tsiku limodzi lophunzitsa ndime ziwiri. Loweruka lonse tinali pansi pa bulugamu, ndipo ndinadabwa kuti anawo anazigwira msanga kuposa zoyamba zija. Sipanafunike kufotokoza. Msipu ankaudziwa, chulu ankachidziwa, lichero la pa tsindwi linali m'nyumba ya aliyense. Iwo ndiwo ankandifotokozera ine, akulimbirana kulankhula, Chichewa ndi Chitumbuka zitasakanikirana, lamulo loletsa Chitumbuka m'kalasi nditaliiwala.

Lamulungu mapemphero atatha, atcheya anaimitsa mpingo wonse panja pa tchalitchi. Ananena poyera zimene ndinachita, osachotsa kanthu, ine nditagwada pa fumbi nkhope ikuyaka. Anthu anang'ung'udza, ena anaseka, mayi wina anatchula mwambi uja wakuti safunsa anadya phula, m'Chichewa chomveka bwino kuti ndisauphonye. Kenaka ana anaimirira m'mizere. Akalakatula mzere umodzi, atcheya ankaumasulira m'Chitumbuka ndi liwu lawo la nyimbo lija. Pa ndime ziwiri zoyamba anthu ankangomvetsera, poti anali atazimva kale m'njira. Pa yachitatu kunayamba kumveka "enya, enya" uku ndi uku. Pa yachinayi amayi analulutira. Madoda awiri anayamba kukangana ngati achule amatsogola kapena ngumbi, mkangano n'kufalikira mpingo wonse, aliyense akutchula za kumunda kwake, ena akupempha kuti ana abwereze. Anabwereza katatu. Ine ndinali ndikadali chogwada, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Atcheya sanapemphe mbewu m'malo mwanga. Anati wotaya ndiye amatola. Sabata yonse yotsatira, ndikaweruka, ndinkayenda khomo ndi khomo ndi chitini pamutu, mphunzitsi mnzanga wa sitandade folo uja akunditsogolera, yemwe uja ndinamuyankha mwamwano. Anandiphunzitsa kugwada patali, kudikira mpaka andifunse, ndi kuthokoza potchula chiwongo cha mwini nyumba, poti kumeneko "yewo" wopanda chiwongo ndi wosakwanira. Ena anapereka ngala imodzi, ena dzanja limodzi la njere, ena anandiuza mosabisa kuti alibe yotaya kawiri. Pa nyumba ya mayi wamasiye uja ndinafuna kulambalala, koma anandiitana yekha. Anakwera pa mtondo, anatsitsa ngala ziwiri zakuda ndi utsi zimene zinamutsalira, anandipatsa imodzi. Mwana wake wamkazi anali mu sitandade eyiti. Ndinalephera ngakhale kutchula chiwongo chake.

Tinapeza chitini chimodzi ndi theka. Ahedi anaitsekera mbewuyo mu ofesi, ndipo anandipatsa ine kiyi. Ndinawapempha kuti asunge okha, anakana.

Masiku odikira amenewo anali aatali kuposa nyimbo iliyonse ya atcheya. Kunagwa kamvula kena kowaza, ana anandiyang'ana, ine ndinagwira kiyi m'thumba n'kupitiriza masamu. Msipu unaphuka pa phiri lopsa lija, ng'ombe zinakwera. Disembala atalowa mitambo inabwera n'kugona, mvula inagwa Lolemba, inagwa Lachiwiri, Lachitatu inavumba tsiku lonse. Achule anayamba phokoso kudambo. Ndinkapita pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi m'mawa ndi madzulo ngati ndasungapo chuma. Lachinayi dzuwa litapendeka, mvula itangokata, ndinaona kanthu kakuthwanima pamwamba pa chulu, kenaka kena, kenaka mpweya wonse unadzaza mapiko. Ndinathamanga mpaka kunyumba kwa ahedi ndikukuwa ngati wamisala, chitenje chili m'manja.

M'mawa mwake ndinapeza ana ataima kale m'mbali mwa munda ndi makasu, a sitandade eyiti ali kutsogolo, pansi ponse pali mapiko a ngumbi. Makolo ena analiponso, mayi wamasiye uja ali pakati pawo. Palibe amene anaponda mu mzere. Atcheya anatulukira ku njira ya kutchalitchi, jekete lili pathupi, khasu pa phewa. Anaima patsogolo panga, anavula chipewa pamaso pa anthu onsewo, bambo wa msinkhu wa bambo anga, mlimi kuyambira ndisanabadwe.

"Asambizgi," anatero, "tili pa ndime yiti?"

Ndinayang'ana chulu, ndinayang'ana mitambo, ndinafinya dothi m'manja mpaka linagwirana.

"Yachinayi, bambo."

"Mbwenu jurani ofesi."

Ndinatulutsa kiyi n'kukatsegula. Njere zitatu zoyamba ndinapatsa mayi wamasiye uja kuti aponye yekha.